Mbale za Achemwali ndi Mimba ya a Dayisoni

Kwa owerenga olemekezeka,

Ndalemba pofuna kukudziwitsani za nkhani imene inandionekera m'nyengo yozizira yapitayi, imene mpaka lero imandichititsa kulambalala chipatala chaching'ono cha kwathu kuno ku Nsambe, ngakhale njira yolambalalayo ili ndi chitunda. Anthu ambiri aifotokoza kale nkhaniyi pa mjigo ndi pa bawo, ena mowonjezera, choncho ndaona kuti n'koyenera kuti mwini wakene ndiilongosole mwadongosolo. (Amene akunena kuti ndinalira pagulu akunama. Tsikulo kunali mphepo yolowa m'maso.)

Poyamba ndifotokoze za mbali zokhudzidwa. Ine ndine mlimi wa mbatatesi ndi chimanga, ndipo ndimakhala chikamwini kwa akazi anga, tsidya lino la mtsinje. Tsidya linalo, pamudzi pamene ndinabadwira, pamakhala achemwali anga, amake Tadala. M'mimba mwa mayi athu tinatsala awiri basi, iwo ndi ine. Pa nthawi imene nkhaniyi ikuyamba tinali titatha zaka zingapo tisakumwerana madzi, ndipo gwero lake linali mitengo ya manachesi.

Mitengoyo ndinabzala ndine ndili mnyamata, kuseri kwa nyumba ya malemu mayi. Mayi atatisiya, achemwali anati malowo ndi a mbumba, ndipo mwamuna amene anakakwatira kwina alibe gawo pa zomera pamenepo. Ine ndinati nthaka ndi yawo koma mitengo ndi yanga. Iwo anati ngati zili choncho ndiizule ndikaibzale kwa apongozi anga. Tinasinthana mawu enanso amene sayenera kulembedwa. Pomaliza, nditabwera ndi thumba kuti ndithyole, iwo anaima pakhonde nati, "Thyolani, achimwene. Tiona ngati mudye n'kukhuta." Thumbalo ndinalisiya pomwepo, koma mawuwo ndinapita nawo.

Ndivomere pano kuti chidanicho chinkandiwawa. Mwana wawo Tadala anali atapeza mwamuna wa ku Matandani, ndipo chinkhoswe chinkayembekezeka anthu akamaliza kukolola. Malume a mwanayo ndine ndekha. Tsikulo likanafika achemwali osandiitana, mudzi wonse ukanadziwa kuti ubale wathu wathera pomwepo, ndipo pampando wanga pakanakhala munthu wobwereka. Ndinkafunitsitsa kuitanidwa. Koma zoti ndiyambe ndine kuwoloka mtsinje, zimenezo ndinkaona kuti sizikugwirizana ndi ulemu wanga.

Zinthu zili choncho, mwana wathu wamkazi amene amakhala ku Blantyre anabereka mwana wake woyamba, ndipo akazi anga anakwera minibasi kukamudikirira m'chikuta. Ndinatsala ndekha pakhomo. Pa nkhani ya kuphika maphunziro anga ndi ochepa. Ndimatha kuwiritsa madzi, ndiponso ndimatha kuika mbatatesi m'madzimo. Ndinadya zimenezo m'mawa, masana ndi madzulo mpaka lamba ndinamuboola bowo lina ndi msomali.

Tsiku lina masana ndili pakhonde kusoka thumba, ndinaona munthu akukwera kuchokera kumtsinje atasenza mbale yomanga m'kansalu. Anali achemwali. Anafika, anatula mbaleyo pamphasa, nakakhala pansi chapatali.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndaswera. Kaya inu."

"Ndamva kuti alamu anapita kutauni. Ndati mungafe ndi njala."

Ndinamasula kansalu. M'mbalemo munali futali wa mbatata, wothira nsinjiro mosaumira, wofanana ndi amene ankaphika mayi. Fungo lake linadzaza pakhonde ponse.

Apa ndipemphe owerenga a m'tauni amvetsetse. Kwathu kuno munthu akabweretsa chakudya kapena thobwa kwa mnzake amene anakangana naye, amayamba walawa yekha, wolandirayo akuona. Ena amati kuchotsa ufiti. Palibe amene amakakamiza, munthu amangodziwa. Motero ndinatenga supuni n'kuiika kumbali yoyang'ana kwa iwo.

"Tiyeni tidyere limodzi, achemwali."

"Ayi, ine zimenezi sindidya. Ndaphikira inu."

"Kungolawa chabe."

"Ndati sindidya. Idyani zisanazizire."

Anadzuka, anakutumula chitenje, n'kutsetsereka kubwerera kumtsinje.

Nditatsala ndekha ndinaunika mfundo. Munthu amene anandiuza kuti tiona ngati ndidye n'kukhuta, wabwera mwadzidzidzi, pa nthawi imene pakhomo palibe mboni, ndi chakudya chimene akudziwa kuti sindingachikane, ndipo mwini wake akuti sadya. Achemwali kusadya futali? Tili ana tinkamenyanirana zokanirira za mumphika, ndipo opambana anali iwowo nthawi zonse. Ndinaona kuti nkhaniyi ikufunika kafukufuku.

Kutaya chakudya ndi tchimo. Galu ndilibe. Nkhuku ndili nazo, koma zinali zitayamba kuikira, ndipo sindikanatha kuziika pachiswe. (Ndikudziwa mmene chiganizo chimenechi chimvekere mukawerenga ndime yotsatirayi, koma ndalonjeza kulemba zoona.)

Ndili mkati molingalira panatulukira a Dayisoni. A Dayisoni ndi mkamwini mnzanga, wokhoma zidebe ndi mbaula. Akazi awo anamwalira kalekale, koma eni mudzi sanawachotse chifukwa palibenso wina wodziwa kumata ndowa. Bamboyu ali ndi mphatso yodutsa pakhomo pa munthu nthawi yeniyeni ya nkhomaliro.

"Odi kuno, aneba. Fungo limeneli likuchokera pano, kapena mphuno zanga zikundinamiza?"

Ndikufuna zimveke bwino kuti sindinawaitane. Ndinangolephera kuwaletsa. Ndinati ine m'mimba simuli bwino, iwo anati pepani, ndipo supuni ija inapeza mwini. Anadya mpaka kupukuta mbale ndi chala. Ine ndinakhala moyang'anizana nawo, ndikutsatira maonekedwe a nkhope yawo.

"Mchere wapitirira pang'ono," anatero akunyambita chala, "koma wophika ameneyu Mulungu amusunge."

Za mcherezo ndinazisunga. Kodi munthu akafuna kubisa kuwawa kwa chinthu chimene wathira, amabisa ndi chiyani?

M'mawa mwake ndinalawirira kwa a Dayisoni. Ndinawapeza akukhoma chidebe uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

"Mwadzuka bwanji, a Dayisoni?"

"Ndadzuka bwino, aneba, kaya inu."

"Mutu uli bwanji?"

"Uli bwino."

"Chizungulire palibe? Maso akuona kutali?"

"Akuona."

"Nanga kuchimbudzi mwapitako mwa nthawi zonse?"

Anaika hamala pansi nandiyang'ana nthawi yaitali. "Aneba, chimwalirireni mayi a kunyumba palibe munthu anandifunsapo mafunso ngati amenewa. Ndimaona ngati pamudzi pano amangondiona ngati ndowa yobooka." M'maso mwawo munayamba kulengeza misozi. Ndinasendera pafupi kuti ndione ngati misoziyo inali chizindikiro cha mankhwala.

Chigamulo changa chinali chakuti mankhwala ena sagwira tsiku lomwelo, amafuna kubwereza. Kafukufuku anayenera kupitirira.

Mbale sibwezedwa yopanda kanthu, ngakhale kwa mdani. Ndinaikamo mazira. Achemwali atabwera ndi mbale ina, anatenga yoyamba ija n'kuivundukula. Anaona kuti yayera mbee, anaonanso mazirawo. Pakamwa pawo panagwedezeka ngati pafuna kumwetulira. Kumwetulirako ine ndinakumasulira mwa njira yanga.

Kuyambira pamenepo mbale zinayamba kuwoloka mtsinje pafupipafupi. Kunabwera nyemba zothira tomato ndi anyezi. Kunabwera nandolo wamuwisi. Kunabwera nkhwani wotendera, wa masamba anthete okhaokha. Ulendo uliwonse ndinkaika supuni kumbali yawo, ndipo ulendo uliwonse yankho linali lomwelo: "Ndaphikira inu." Achemwali akangotsika kumtsinje, a Dayisoni ankatulukira, poti tsopano nthawi anali ataidziwa ngati belu la kusukulu. Iwo akadya n'kuchoka, ine ndinkalowa kukhitchini kukadya mbatatesi yanga yowiritsa, fungo la nandolo likadali pakhonde.

Zotsatira za kafukufuku zinali zosokoneza. A Dayisoni anayamba kusalala. Masaya anadzaza, khosi linachita mizere, ndipo malaya awo abwino anasiya kumangika mabatani apansi. Anandimatira ndowa zonse osalipiritsa. Anandikhomera mbaula yatsopano nabwera nayo okha. Pa bawo anauza anthu kuti pamudzi pano Mkhristu weniweni ndi mmodzi, munthu amene amadzimana chakudya n'kupatsa wamasiye, m'mawa n'kudzamuzondanso. Lamulungu lina amayi ena achikulire anandigwira dzanja potuluka m'tchalitchi nati ndipitirize mtima umenewo. Ndinayankha kuti ndiyesetsa.

Ine ndinkapitirira kuonda. Achemwali anazindikira.

"Koma achimwene, mbale zikubwera zoyera, nanga thupili likupita kuti?"

"Ndi kuzizira kwa chaka chino."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope itakwinyika. "Ndiye kuti ndikuchepetsa. Ndiwonjezera."

Madzulo a tsiku limenelo ndinakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki imapezeka, ndi kuimbira akazi anga. Ndinawafotokozera mfundo zonse mwatsatanetsatane, kupatula gawo la a Dayisoni.

"Inu, idyani," anatero. "Achemwali anu akanafuna kukuphani akanakuphani muli mwana, pamene munkawavutitsa zenizeni."

"Nanga bwanji sakulawa?"

"Mwawafunsa?"

"Funso lotero lingawachenjeze."

"Mayunitsi mukuwonongawa bwenzi mutagula sopo," anatero, ndipo foni inaduka. (Mpaka lero akuti inali netiweki.)

Patapita masiku ochepa achemwali anabwera ndi mbale ziwiri. Ina munali mpunga. Inayo nditavundukula ndinapeza nkhunda ziwiri zokazinga, zosambira mumsuzi wofiira. Nkhunda zimenezo ndi za m'khola limene anasiya mayi, ndipo achemwali sankalola kuti iphedwe ngakhale imodzi, ngakhale kubwere abusa. Ndinaona kuti nyambo yaikulu chonchi sangaiike pachabe.

Tsikulo sanafulumire kudzuka. Anakhala akuthyolathyola kaudzu, maso ali pansi.

"Achimwene, pali nkhani ya Tadala."

"Ndikumva."

"Ayi, idyani kaye. Ndi munthu wanjala sitikambirana zinthu zikuluzikulu. Mawa ndili ndi kolowera, ndibwera mkuja."

Atachoka, ndinatenga mwendo umodzi wa nkhunda. Ndinaununkhiza. Ndinaufikitsa pamlomo. Ndikuuzeni zoona, owerenga, pamenepo ndinatsala pang'ono kukhala munthu wanzeru. Koma kunja kunamveka "Odi kuno, aneba," ndipo mwendowo ndinaubwezera mumsuzi. A Dayisoni anadya zonse, ndi mafupa omwe, natsanzika msanga ponena kuti ali ndi koyenda.

Kutacha ndinapita kukawayendera a Dayisoni monga mwa nthawi zonse. Ndili patali ndinazindikira kuti hamala sikumveka. Ndinawapeza ali pamphasa atadzipinda ngati bongololo, thukuta lili kamukamu pakati pa kuzizira konseko.

"Aneba, m'mimba muno muli ngati wina akufinya zochapa."

Pamenepo ndinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba chinali mantha, poti munthu ankafa m'malo mwanga. Chachiwiri, chimene ndikuchita nacho manyazi, chinali kakukhutira kakuti mfundo zanga zatsimikizika.

Ndinawakweza pakaliyala ya njinga, ndinawamanga ndi chitenje kuti asagwe, ndi kuyamba kukankha. Amene amadziwa zitunda za kwathu akudziwa tanthauzo la zimenezi. A Dayisoni a tsiku limenelo sanali a Dayisoni a kale, ndipo kulemera konseko ndinali nditakukonza ndekha. Panjira tinaima kangapo kuti akacheze ndi tchire. Pofika kuchipatala, wooneka wodwala kwambiri pa awirife ndinali ine.

Tinapeza mabenchi atadzaza, chifukwa linali tsiku la anthu amene amabwera mwezi ndi mwezi kudzalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Ambiri anali atafunda zitenje mpaka kumutu chifukwa cha mphepo. Sindinayang'ane nkhope ya aliyense. Ndinadutsa mzere wonse a Dayisoni atanditsamira, ndipo adokotala, mtsikana wamng'ono ndithu wovala magalasi, atatulukira pakhomo, ndinaima chilili n'kulankhula mokweza kuti pasakhale kukayika.

"Adokotala, ndabwera kudzapereka lipoti. Bambo awa adya chakudya chothira mankhwala. Chakudyacho sichinali chawo, chinali changa. Chinachokera kwa mlongo wanga wa bere limodzi, amene wakhala akundibweretsera mbale kwa milungu ingapo koma iye osalawa ngakhale kamodzi. Ine sindinadyepo ndi supuni imodzi yomwe. Zonse ndakhala ndikupatsa bambo awa kuti ndione."

A Dayisoni anatsegula diso limodzi.

"Kuti muone chiyani, aneba?"

Adokotala sanatekeseke. Anawakhazika a Dayisoni pampando pafupi ndi khomo, anawadina pamimba, nafunsa kuti dzulo anadya chiyani.

"Nkhunda ndi mpunga."

"Basi?"

A Dayisoni anayang'ana kudenga. "Madzulo ndinadutsa kumene amavundukula chiliza, mudzi wa kuseri kwa phiri."

"Munadutsa, kapena munakhala?"

"Ndinakhalako pang'ono. Kunali nyama ya nkhumba. Anati inaphikidwa dzana koma ili bwino. Ndiye panali thobwa, lowawasa pang'ono, lochita thovu."

"Makapu angati?"

"Sindinkamwera m'kapu."

Adokotala anavula magalasi. "Bambo, a kuchiliza chimenecho si inu oyamba kufika kuno lero. Lowani mukalandire mankhwala, muzimwa madzi ambiri." Kenaka anatembenukira kwa ine, koma asanatsegule pakamwa, kumbuyo kwanga kunamveka mawu amene ndawadziwa moyo wanga wonse.

"Mwamaliza lipoti lanu, achimwene?"

Pabenchi yachiwiri munthu wina anatsitsa chitenje kuchoka kumutu. Anali achemwali. Kumeneko ndiye kunali kolowera kwawo kuja. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira phewa la mayi amene anakhala nawo pafupi. Sanakweze mawu, ndipo mwina kukanakhala bwino akanakweza.

"Poti mwanenera pagulu, nanenso ndiyankhira pagulu. Chaka chatha ndinagwa kumunda. Dzanja ili linauma kwa nthawi ndithu. Inu simunamve chifukwa simufunsa. Adokotala omwewa anandiletsa mchere ndi mafuta. Ndikangolawa, mutu umagunda ngati ng'oma mpaka kucha. Ndiye pophika zanu ndimathira mongoyerekeza, dzanja likunjenjemera, poti inu kuyambira kale mumakonda wambiri."

"Nanga bwanji simunandiuze?" Mawu anga anatuluka aang'ono kuposa mmene ndinawatumira.

"Kuti muzinena kuti ndabwera kudzapempha chifundo? Ndinati ndiyambe ndaphika, zinazo zibwera zokha." Anakonza chitenje. "Nkhunda zija zinali zomaliza m'khola la amayi. Mbale zikamabwera zoyera, mazira ali momwemo, ndimapita kunyumba ndikuimba. Ndimati mlongo wanga wandikhululukira. Kani ndimanenepetsa okhoma zidebe."

A Dayisoni anasuzumira pakhomo atagwira pamimba. "Mayi, ine ndilibe mlandu. Komanso, ndinene pamaso pa anthu, zinkakoma."

Agogo ena aamuna pabenchi yakutsogolo anayamba kuseka mpaka kutsokomola, ndipo kusekako kunafalikira mzere wonse. Achemwali okha sanaseke.

"Nkhani ija ndinati tikambe mawa, isiyeni," anatero. "Malume a Tadala ndikabwereka." Anakhala pansi, anabwezera chitenje kumutu, natembenukira kukhoma.

Pobwerera ndinakankhanso njinga. Pa chitunda chachiwiri a Dayisoni anayamba.

"Aneba, nkhuku muli nazo."

"Ndili nazo."

"Nanga bwanji simunayesere pa nkhuku?"

"Zinkaikira."

"Ndiye munaona kuti ine sindiikira."

Ndinayesa kufotokoza kuti sindinawaitane, koma anandidula. Anati mafunso a m'mawa aja ndiwo akuwapweteka kuposa m'mimba, chifukwa anali atauza ngakhale abale awo a ku Mwanza kuti kuukalamba kuno apeza m'bale. Atachira anabwera pakhomo, ananyamula mbaula yawo, n'kuchoka osapereka moni.

Mbale zinaleka kuwoloka. Masana ndinkapezeka ndakhala pakhonde maso ali kunjira ya kumtsinje, koma ankakwera ndi amayi ochokera kochapa okha, ndipo aliyense akafika pafupi ankandifunsa ngati ndadya, kapena ndikudikira wolawa. Ndinakweranso pachulu. Ulendo uno ndinafotokoza zonse, ndi gawo la a Dayisoni lomwe. Akazi anga anaseka mpaka ndinamva khanda likudzuka. Kenaka kusekako kunatha.

"Ndiye mwati achemwali anagwa kumunda ife osadziwa?"

"Atero."

"Nanga mukutani pachulupo?"

Ndinati ndikuganiza zolemba kalata yopepesa, yokhala ndi mutu ndi ndime zake. Anati ndikangoyerekeza kutero, iwo akhazikika ku Blantyre mpaka mdzukuluyo adzayambe sukulu. "Anakubweretserani pepala iwo? Wolokani mtsinje, ndipo musapite chimanjamanja."

Ndinaganiza kuti chimene chinawonongeka ndi mbale chikonzedwe ndi mbale. Ndinasankha nyemba, poganiza kuti n'zosavuta. Ndinaziika pamoto m'mawa, osathira mchere kapena mafuta. Madzi anaphwa, ndinawonjezera. Zapansi zinapserera, zapamwamba zinali zisanayambe n'komwe kuganiza zopsa. Dzuwa litafika pamutu ndinagamula kuti zapsa, popeza nkhuni zinali zitatha. Ndinazithira m'mbale, ndinamanga m'kansalu, ndi kuyamba kutsetsereka. Kusenza pamutu sindidziwa, choncho ndinanyamula ndi manja awiri kutsogolo, ngati munthu wopita ndi chopereka kuguwa. Amayi a kumtsinje anasiya kuchapa kuti aonerere bwino.

Achemwali ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo. Anandiona ndili patali koma sanadzutse mutu. Ndinaodira kawiri. Kachitatu anati, "Pakhomo pano munabadwira, mukuodira ndani?"

Ndinatula mbale, ndinakhala pansi, chipewa ndinachiika pabondo.

"Achemwali, ndabwera modzichepetsa pofuna—"

"Izo n'chiyani?"

"Nyemba. Zopanda mchere."

"Waphika ndani?"

"Ineyo."

"Ndiye izi ndiye zingaphedi munthu."

Anamasula kansalu. Sanadikire kuti ndilawe. Anatenga supuni, anatapa, n'kuika m'kamwa, ndipo zimenezo zinandilasa kuposa mawu onse a kuchipatala aja. Ndinamva nyembazo zikulira m'mano mwawo ngati timiyala. Anatafuna nthawi yaitali, anameza, natapanso kachiwiri.

"Zosapsa," anatero. "Komanso zopserera. Mwakwanitsa bwanji zonse ziwiri?"

"Ndinayesetsa."

Anapumira m'mwamba, anadzuka mogwira khoma, nalowa kukhitchini. Anatuluka ndi kambale ka mpiru wowiritsa ndi maungu angapo, n'kuika pakati pathu.

"Zabwino zija munazikana. Tsopano muzidya zimene ndimadya ine."

Ndinadya. Owerenga, mpiru wopanda mchere, wopanda mafuta, wopanda tomato, ndi udzu wofunda basi. Ndinazindikira kuti munthu uyu wakhala akudya zimenezi tsiku ndi tsiku, kenaka n'kuima pamoto kukazinga nkhunda zimene sakanatha ngakhale kunyambita chipande chake.

"Zikukoma?" anafunsa.

"Kwambiri."

"Bodza. Malizani."

Tinamaliza tonse awiri m'kambale kamodzi. Akusonkhanitsa mbale, osandiyang'ana, anati, "Loweruka a ku Matandani akubwera kudzaonekera. Jekete lanu lija lichapidwe. Ndipo mukakhala pampando paja musakapereke lipoti, mukangolankhula ngati munthu."

Chinkhoswe chinachitika, ndipo pampando panakhala mwini wake. A Dayisoni ndinakawapepesa ndi tambala wamoyo, poti tambala wophikaphika anati sangamukhulupirire, ndipo moni tsopano amayankha, ngakhale ndikawafunsa mmene adzukira amati zimenezo n'zawo.

Pomaliza ndifotokoze mmene zinthu zilili pakali pano. Achemwali analamula kuti Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndiziwoloka kukadya kwawo, ndipo palibe mphika wapadera wa alendo. Anthu amandifunsa ngati ndinatengapo phunziro. Ndikuganiza kuti ndinatenga, ngakhale si lonse. Ulendo uliwonse ndisananyamuke ndimakulunga kamchere m'kapepala n'kuika m'thumba la jekete, ndi cholinga choti achemwali akalowa kukhitchini kukatunga madzi ndiwaze mwachangu mbali yanga. Amalowadi, ndipo amachedwako mokwanira. Koma ndikayang'ana mbali yawo ya mbaleyo, dzanja limakanika kulowa m'thumba. Kamcherako ndimabwerera nako kunyumba.

Ndine wanu modzichepetsa,

Malume a Tadala